Mpondagiya Umodzi, Makomo Khumi

Chimbudzi chathu cha ku Chinsapo anakumba ndi malemu bambo anga chaka chimene tinasamuka ku Ntcheu, ndipo pa nthawi ya nkhaniyi chinali chitakalamba kupitirira msinkhu umene chimbudzi chimaloledwa kukhala ndi moyo. Pa dzenje panayalidwa mitengo ya bulugamu, pamwamba pa mitengoyo dothi. Chiswe chinali chitadya mitengoyo m'kati n'kutisiyira makungwa okha kuti tisadandaule. Munthu ukalowa, pansi pankayankha. Ine ndinali nditaloweza poponda: phazi lamanja pafupi ndi khoma, lamanzere pa mtengo wachitatu, ndipo osayetsemula. Koma amayi anga, amene maondo anali atawavuta kale, sankatha kusankha poponda. Ankangolowa ndi ndodo yawo n'kusiya zotsalazo m'manja mwa Mulungu. Ndinkaopa kuti mvula ikadzagwa, dothi n'kufewa, tsiku lina ndidzawapeza m'dzenje. Mantha amenewa ndinkadzuka nawo m'mawa uliwonse.

Chimene chinkafunika chinali dzenje latsopano ndi silabu, chimwala cha simenti chija amayala pamwamba. Koma ndi ntchito yanga yophunzitsa ana kusukulu ya mkaka, silabu ndinkangoionera m'makomo a eni ake.

Chochititsa manyazi n'chakuti ine ndinali membala wa komiti ya zaukhondo ya m'dera lathu. Kwa zaka ziwiri tinkaguba m'misewu ya fumbi titavala matisheti achikasu, kumbuyo kwake kutajambulidwa manja awiri akusambitsana. Tinkaimba za kolera mpaka mawu kusasa. Ine ndiye ndinkanyamula chimkuzamawu, chifukwa amati mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono sachita manyazi kukuwa. Ndinkaima pamsika n'kumauza anthu akuluakulu kuti khomo lopanda chimbudzi chabwino ndi manda odikira mwini wake. Ndikamaliza ndinkabwerera kwathu kukaponda pa mtengo wachitatu.

Chimene tinkanyadira kwambiri pa zonse zimene tinkaphunzitsa chinali mpondagiya. Ndi chigubu cha madzi chopachikidwa pa mitengo pafupi ndi chimbudzi, chomangidwa chingwe chofika ku kamtengo kapansi. Ukaponda kamtengoko chigubu chimaweramira, madzi n'kutsika, iwe n'kusamba m'manja osagwira kanthu. Anthu anaukonda. Mwezi woyamba khomo lililonse linali ndi wake. Kenaka makala anakwera mtengo, mitengo ya mipondagiya inalowa pamoto umodziumodzi, ndipo zigubu zinabwerera ku ntchito yake yakale yotungira madzi pa kiyosiki. M'dera lonse unatsala umodzi wokha, wa bambo wina wa ku Mangochi, mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula. Iwo anapanga wawo wachitsulo, wa miyendo inayi, ndipo chitsulo sichiyaka.

Tsiku lina alangizi a zaumoyo anatiitanitsa. Tinakumana m'kalasi mwanga, anthu akuluakulu titapindikira pa timipando ta ana, maondo ali m'chibwano. Anatiuza kuti Lachinayi kukubwera alendo awiri ochokera ku bungwe lina. Adzayendera makomo khumi kuti aone mmene uthenga wafikira, ndipo khomo limene adzalipeze lili pa mavuto adzalilemba kuti lilandire silabu ndi mmisiri woti akumbe dzenje. Nthawi yomweyo ndinaganiza za dzenje la kwathu.

Apampando athu, mayi wa ku Dedza wogulitsa kachewere pamsika, anamva mbali yoyamba yokha. Anadzuka, kampando kakuwatsatira kumbuyo, n'kukachotsa osachita nako manyazi.

"Zaka ziwiri tikuimba," anatero. "Alendo adzapeze zero? Adzati tinkangomwa fanta n'kumavala matisheti. Anzathu a dera la Mgona akamva atiseka mpaka Khirisimasi. Ine ayi."

Alangizi anayesa kufotokoza kuti alendo akufuna kuona zoona, koma apampando anawayang'ana ngati mwana amene wayankhula pa nkhani ya akulu. Anati kuyambira kale mlendo akamabwera timabwereka mipando, timabwereka mbale zadothi, nthawi zina ngakhale wailesi, ndipo palibe amene anatitchulapo abodza. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zimene waona amapita nazo. Ndiye anagamula kuti makomo asanu ndi anayi, amene zimbudzi zake zikuimabe, aoneke kuti uthenga unafika. Mpondagiya ulipo umodzi, inde, koma uli ndi miyendo inayi, uyenda. Khomo lakhumi likhale la manyazi, kuti silabu ipeze pogwera.

"Ndani akufuna manyazi?" anafunsa.

Aliyense anayamba kuwerenga zilembo za a, e, i, o, u pakhoma. Ine ndinakweza dzanja, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Apampando anavomera, koma anati manyazi salandira ulere. Popeza khomo langa ndilo lidzapindule, ine ndidzathamange ndi mpondagiya. Mmisiri wa ku Mangochi uja anati chitsulo chake sachisiya m'manja mwa munthu wina, adzachisenza yekha. Ine ndinapatsidwa ndowa ya madzi owonjezera, sopo mmodzi wobiriwira, ndi chivindikiro cha thabwa chotsekera pa bowo la chimbudzi, chimenenso chinali chimodzi chokha m'dera lonse.

Vuto linali nthawi. Alendo akatuluka pa khomo loyamba, ife tinayenera kuzula zonse, kudutsa njira za kuseri, n'kukaimika pa khomo lachiwiri iwo asanafike. Apampando anathetsa vutoli ndi mapemphero. Anapeza mkulu wa mpingo wina, bambo wopuma pa ntchito ya ulonda, amene ankadziwika kuti akayamba kupempherera chakudya ndiwo zimazizira. Anayenda naye njira yonse Lachitatu madzulo, akumuyezera. Pa chipata cha khomo lililonse alendo adzaimitsidwa kuti alandiridwe ndi pemphero, ndipo pempherolo litalike molingana ndi mtunda umene ife tikuthamanga. Makomo oyandikana, apempherere alendo okha. Pamene pali chigwembe choti tiwoloke, ayambire kwa Adamu.

Kwathu sindinanene zoona. Ndinangouza amayi kuti sabata imeneyo asavutike ndi kusesa, apumitse msana, ndipo Lachinayi apite kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi monga mwa masiku onse, asafulumire kubwerako. Ndinachotsa ngakhale thumba labwino limene linali chitseko cha chimbudzi n'kupachikapo lakale long'ambika. Ndinaima patali n'kuchiyang'ana. Chinkaoneka momvetsa chisoni kwambiri, ndipo ndinasangalala.

Lachinayi dzuwa linatuluka ndi ukali wake wa mu Okutobala. Alendo anatsika m'galimoto loyera: bambo wonenepa, wa thukuta, atagwira kope ndi cholembera, ndi mayi wochepa thupi wa magalasi, waulemu kwambiri. Ine ndi mmisiri tinali titabisala kuseri kwa mpanda wa khomo loyamba, tikusuzumira pa kabowo.

Mayi wa magalasi ataona mpondagiya anawomba m'manja. Anaponda, madzi anatsika, anasamba m'manja ndi sopo wathu mofatsa, chala chimodzichimodzi, kuti apereke chitsanzo. Bamboyo anasuzumira m'chimbudzi, anaona chivindikiro, analemba. Atangotembenuka, ife tinalumphira m'bwalo. Mmisiri anasenza chitsulo pamutu, miyendo yake inayi ikuloza kumwamba, ine ndinatola sopo ndi chivindikiro, liwiro. Tinadutsa pansi pa zingwe za zovala, m'dimba la mpiru la munthu, pakati pa amuna osewera bawo amene sanadzutse n'komwe mitu. Tikuimika pa khomo lachiwiri tinkamva kuchipata mkulu wa mpingo akupempherera matayala a galimoto la alendo, limodzilimodzi.

Pa khomo lachitatu mwini nyumba anasokoneza. Anali asanaugwiritsepo mpondagiya chiyambire, ndiye atauzidwa kuti aonetse mmene amachitira tsiku ndi tsiku, anauzungulira kawiri, kenaka anagwira chigubu ndi manja awiri n'kudzithira kumapazi. Apampando sanaphethire. Anati kuno uthenga unafika mpaka anthu anaupitirira, ena amayambira kumapazi. Bamboyo analembanso.

Khomo lachinayi linali la mmisiri mwini wake, ndipo apa pokha ndi pamene panalibe bodza. Tinaimika mpondagiya pamalo pake penipeni, miyendo ikulowa m'mabowo ake akale. Mmisiri anazungulira nyumba, anavala chipewa chake choyera, n'kutulukira kutsogolo ngati munthu amene wakhala pakhomo tsiku lonse. Koma anali akupuma ngati wothamangitsidwa ndi agalu, malaya atanyowa, dzimbiri lili pamapewa. Bambo wonenepa anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ana mpondagiya.

"Bambo, tiuzeni zoona," anatero. "Chinthu ichi n'chanu, kapena mwabwereka chifukwa mwamva kuti tikubwera?"

Mmisiri anakwiya kwambiri. Analumbira kuti anachikhoma yekha ndi manja ake, anaonetsa chipsera cha pachala. Mlendo anagwedeza mutu mosakhulupirira n'kulemba kanthu kakafupi. Mpaka lero mmisiri uja akandiona amandikumbutsa kuti pa makomo onse khumi wokayikiridwa anali iye yekha.

Pakati pa khomo lachisanu ndi lachisanu n'chimodzi ndiye panali chigwembe chija. Ndinaterereka, ndowa inatayika theka, chivindikiro chinagubuduka mpaka pansi pomwe pali zinyalala za dera lonse. Ndinatsika kukachitola, ine mphunzitsi wa zaukhondo, n'kuchipukuta ndi tisheti yanga yachikasu. Titafika, mkulu wa mpingo anali atawolotsa ana a Israeli pa nyanja ndipo akuyenda nawo m'chipululu, diso limodzi lili chotsegula kudikira chizindikiro cha apampando. Alendo anali chiimire padzuwa, maso ali chotseka, bambo wonenepa akuyenda pang'onopang'ono cham'mbali kufunafuna mthunzi osatsegula maso.

Mayi wa magalasi sanasiye kupereka chitsanzo. Khomo lililonse ankasamba, chala chimodzichimodzi. Pofika khomo lachisanu ndi chiwiri zala zake zinali zitachita makwinya ngati za munthu wochapa mabulangete, ndipo sopo wathu anali atatsala kachidutswa koonekera kuwala. Anamutembenuza m'manja n'kunena kuti n'zodabwitsa, anthu a kuno onse amagula sopo wamtundu umodzi, ndipo khomo lililonse sopo wake ndi wocheperako kuposa wa khomo lapitalo.

"Ndi mmene uthenga unayendera, madamu," anayankha apampando. "Kuno kumtunda anayamba kale kusamba."

Ndili kuseri kwa mpanda ndinaluma chitenje kuti ndisaseke. Koma kunena zoona kuseka kwanga kunali kwapamwamba chabe. Chimene chinkandiyendetsa chinali chimodzi: makomo awiri atsala, kenaka alendo aone dzenje la amayi anga ndi maso awo.

Titamaliza khomo lachisanu ndi chinayi tinasiya zonse pomwepo. Mmisiri anakhala pansi pa mthunzi, anati sadzukanso mpaka Loweruka. Ine ndinasamba kumaso, ndinakonza duku, n'kuzungulira kukakumana ndi alendo pamsewu ngati ndangochokera kusukulu. Apampando anandionetsa kwa iwo ndi nkhope yachisoni, anati tsopano tikupita kumene uthenga unafika koma mphamvu zinachepa. Njira yake inali yaitali pang'ono, ndipo mkulu wa mpingo, amene palibe anamuuza kuti ntchito yatha, anatiimitsanso pa mphambano n'kupemphera za Yona yense, kuyambira m'chombo mpaka pa msatsi. Ndinapirira. Ndinkakonza m'mutu mawu oti ndikanene, mmene ndikagwedezere mtengo wachitatu ndi phazi kuti amve okha kulira kwake.

Tisanafike pachipata ndinamva nyimbo. Mawu a amayi ambiri, nyimbo ya kutchalitchi yolandirira alendo.

Ndinaiwala chinthu chimodzi, ine wopusa: nkhani iliyonse ya m'dera lathu imakafikira kumsonkhano wa Lachinayi isanafike kwina kulikonse. Pabwalo pathu panali posesedwa mpaka mizere ya tsache kuoneka. Amayi oposa khumi, atavala zoyera za kumpingo, anali ataima mzere akuwomba m'manja. Chimbudzi sindinachizindikire. Makoma anali atawazira dothi lofiira, likadali lonyowa. Kudenga anayalako lata la munthu wina. Pakhomo pake panapachikidwa nsalu ya maluwa, imene ndinaizindikira kuti ndi ya patebulo la kutsogolo m'tchalitchi. Ndipo pambali pake, miyendo inayi ili chiimire, chigubu chitadzaza, kachidutswa ka sopo kali pa mbale yadothi, panali mpondagiya. Unali utandipitirira pa nthawi ya Yona.

Amayi anga anali pampando pakati pa bwalo, atavala chilundu chawo cha ku maukwati. Anapereka moni kwa alendo mwaulemu wonse wa ku Ntcheu, n'kundiloza ndi ndodo.

"Uyu ndi mwana wanga," anatero. "Ndi amene amaphunzitsa ukhondo dera lonse lino. Mukamva mawu pamsika, ndi iyeyu. Ndiye inu mukanapeza uve pakhomo pake? Yang'anani nokha."

Ananena monyadira, maso akuwala, anzawo akuvomereza kuti eee. Mawu onse amene ndinakonza anandithawa. Kuti ndilankhule ndinayenera kunena pamaso pa alendo, pamaso pa mpingo wonse, kuti amayi anga akunama. Apampando anandiyang'ana, anakweza mapewa.

Chiyembekezo chinatsala chimodzi. Bambo wonenepa uja anali akupita kuchimbudzi ndi kope lake, ndipo ndikuvomera tchimo langa: ndinapempha mumtima kuti alowe. Osati agwe yense, ayi. Mwendo umodzi wokha, mpaka m'bondo, unali wokwanira kulemba lipoti. Anafika pa nsalu ya maluwa, anatambasula dzanja.

M'katimo munamveka kutsokomola.

Bamboyo anabwerera m'mbuyo msangamsanga n'kupepesa. Tonse tinayang'ana kumbali monga mwa ulemu, amayi a mpingo anayambitsa nyimbo ina. Patapita kanthawi anayandikiranso. Kutsokomola kunamvekanso, kawiri, kwamphamvu, kwa munthu amene sakuganiza zotuluka posachedwa. Anayang'ana wotchi, anayang'ana dzuwa, anayang'ana makoma ozira bwinowo, n'kulemba. Mayi wa magalasi anasamba m'manja komaliza mpaka sopo anatheratu, anagwira amayi anga dzanja n'kunena kuti pa makomo onse khumi ili ndiye lachitsanzo. Anandiyamikira inenso. Anati dera lathu silikufunikanso thandizo, silabu apita nayo kumene kuli mavuto enieni.

Galimoto litapita, nsalu ya maluwa inagwedezeka. Munatuluka gogo wina wa mumpingo, wochepetsetsa pa onse, amene anamusankha chifukwa cha kupepuka kwake. Ankayenda cham'mbali, manja ali ofiira ndi dothi la khoma limene anakhala akuligwira nthawi yonseyo. Anabwera molunjika kwa ine.

"Mwanawe," anatero, "mmenemuja musamalowemo. Mugwa."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine sindinaseke. Aliyense atatenga chake, wa lata lata lake, wa nsalu nsalu yake, mmisiri chitsulo chake akung'ung'udza kuti chinabedwa iye ali m'tulo, ndinatsala ndi amayi pabwalo. Ndinawakalipira, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinawauza kuti ndathamanga tsiku lonse ngati wamisala chifukwa cha iwo, kuti silabu inali itafika pachipata iwo n'kuibweza ndi nyimbo, kuti akadzagwera m'dzenjemo mpingo wonsewo sudzawatulutsa ndi makorasi. Ndinalira ndi ukali.

Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenaka anati anzawo atawauza m'mawa kuti mwana wawo wadzipereka kukhala chitsanzo cha uve, kuti alendo adzamujambule ataima pa chimbudzi chakugwa, iwo sanathe kuimba. Anati anthu a pamsika amandimvera chifukwa sadziwa za kuseri kwa nyumba yathu, ndipo akadziwa, ndidzaima ndi chimkuzamawu changa anthu n'kumandiloza.

"Ine ndakalamba, dzenje likhoza kunditenga," anatero. "Koma iwe ukhala ndi anthu amenewa zaka zambiri."

Ndinapita kwa alangizi kukawauza zoona zonse, ndipo anandimvera chisoni, koma anati zolembedwa zapita kale, tidikire ulendo wina. M'komiti ndinayamba kunena chinthu chimene apampando sachikonda, chakuti amene akufuna kuthandiza ntchito ngati yathuyi ayambe ndi kusiya chitseko cha chimbudzi chake chotsegula alendo akabwera. Amandiyankha kuti ndi maganizo abwino, tidzakambirana.

Mvula inayamba mu Novembala. Ndinayamba kukumba ndekha dzenje lina kuseri kwa nthochi, pang'onopang'ono ndikaweruka, koma madzi ankalidzaza msanga kuposa mmene ndinkakumbira. Ndinawagulira amayi ndowa yoti azigwiritsa ntchito m'nyumba, anakana, anati sanafike pamenepo. Ndiye tinapangana njira yathu, imene sitinaikambiranepo ndi mawu. M'mawa uliwonse ndikamva ndodo yawo ikugogoda pakhonde, ndimasiya chimene ndikuchita n'kuwatsatira. Iwo amalowa, ine ndimaima panja pa dothi lolimba, n'kulowetsa dzanja langa m'mbali mwa thumba. Amaligwira pamkono, zolimba. Ndimayang'ana kumpanda, mvula ikundilowa m'khosi, ndikumvetsera mitengo ija. Tsiku lina pansi panalira kwambiri kuposa masiku onse, ndipo zala zawo zinandifinya mpaka kupweteka.

"Ulipo?" anafunsa chapansipansi.

"Ndilipo, amayi."

"Usandisiye. Koma usayang'ane."